Zombo za Matanga pa Nyanja ya Niassa

Kale, misewu isanalambulidwe m'mapiri otsikira kunyanja, njira yaikulu ya anthu a ku Metangula, Messumba ndi Cóbuè inali madzi. Bwato logoba mu mtengo umodzi linkakwanira pa usodzi ndi pa ulendo wotsata gombe. Koma amene anabweretsa chombo chachikulu cha thanga, chotha kusenza katundu wambiri kuoloka nyanja yonse, ndi Aswahili a ku gombe la nyanja ya mchere.

Wotchuka mwa iwo ndi Salim bin Abdallah, Jumbe woyamba, amene anakhazikika ku Nkhotakota cha m'ma 1840. Zombozo zinkakhomedwa ndi matabwa pagombe pomwepo, ndipo thanga lake linali limodzi, lopachikidwa pa mtengo wautali wopendekeka. David Livingstone anaona chombo chotere chili kumangidwa ku Nkhotakota mu 1863. Katundu wake ndiye womvetsa chisoni: minyanga ya njovu ndi anthu ogwidwa ukapolo. Ankawaolotsera ku Losefa, tsidya lino, ndipo kuchokera kumeneko ankayenda pansi, magoli ali m'khosi, kudzera m'dziko la Ayao mpaka ku Kilwa. Pobwerera, zombo zinkanyamula nsalu, mikanda, mfuti ndi onga. Malonda oipawa sanathe mwamtendere ayi: mu Disembala 1891 Kaputeni Maguire anaphedwa pofuna kutentha zombo za Makanjira.

Mwini ulendo weniweni anali mphepo. Mwera, umene umaomba kuchokera kummwera m'miyezi yozizira, unkakankhira chombo kumpoto mwaliwiro, kotero kuti wochoka ku Metangula ankafika ku Cóbuè osagwira nkhafi. Koma wofuna kubwerera ankagona padoko masiku angapo kudikira kuti nyanja idekhe. Nyengo ya dzinja mpoto unkatembenuza zonsezi. Woyendetsa wanzeru ankawerenga mitambo ya pamwamba pa mapiri, ndipo sankachita manyazi kutsitsa thanga. Wosamva, nyanja sinkamunyengerera, ngakhale akhale munthu wa ulemu wotani.

Umboni wake ndi Chauncy Maples wa mpingo wa Anglikani, amene anagwira ntchito zaka zambiri pa Likoma. Atangodzozedwa ubishopu, anakwera ngalawa ya thanga yotchedwa Sherriff kubwerera kwa nkhosa zake. Pa 2 Sepitembala 1895 namondwe anaigubuduza, ndipo bishopuyo anamira pamodzi ndi mnzake Joseph Williams. Amalinyero a kuno anasambira nafika kumtunda. Thupi la Maples linaikidwa ku Nkhotakota, doko lomwe lija la akapolo, ndipo sitima imene inayamba kuyenda mu 1901 inatchedwa dzina lake.

Sitima za moto, kuyambira Ilala ya mu 1875, sizinachotse thanga pa nyanja, pakuti mphepo silipiritsa munthu wosauka. Pangano la Apwitikizi ndi Angerezi la mu 1891 linasiya Likoma ndi Chizumulu m'manja mwa Angerezi, ngakhale zilumbazo zili pafupi ndi gombe lathu. Malire analekanitsa maboma, koma maukwati, maliro ndi malonda zinapitirira. Nkhondo ya ufulu itabuka mu 1964, mabanja ambiri a ku Cóbuè anathawira ku Likoma m'mabwato ndi m'zombo, ena ali ndi mphasa ndi mphika basi. Mpaka lero, pakati pa ngalawa za injini, thanga loyera likuonekabe pa mpata umenewo, litasenza nkhuni ndi ufa kupita ku chilumba chosowa nkhalango.