Cilumba ca Likoma ndi Mbiri Yace

Munthu akaima pa gombe la Cobué, kumene ife timati Kobwe, amaona cilumba patsogolo pace. Kukacita bata amaona milambe, nyumba ndi utsi wa moto wophikira. Cimeneco ndi cilumba ca Likoma. Ciri pa mtunda wa makilomita pafupifupi 7 kucokera ku gombe lathu la Distrito ya Lago. Anthu ace amalankhula Cinyanja monga ife. Ambiri a ife tiri ndi amalume, azakhali kapena alamu kumeneko. Koma wofuna kukaceza ku Likoma ayenera kutenga pasipoti ndi kudinditsa pa ofesi ya malire, ndipo akafika ndalama yace ya metical isanduke kwacha. Likoma ndi cilumba cinzace ca Cizumulu ziri m'dziko la Malawi, ngakhale madzi ozungulira ndi a Mozambique. Zinakhala bwanji conco? Abambo ndi amayi, tiyeni tiwerenge pamodzi.

Likoma si wamkulu. Kukula kwace ndi makilomita 18 m'bwalo lonse, ndipo Cizumulu ndi makilomita 3 okha. Pa kalembera wa caka ca 2018 anthu a pa zilumba ziwirizi anaposa 14,000. Nthaka ndi ya miyala ndi mcenga. Cimene cimakula bwino ndi cinangwa, mango ndi milambe. Cifukwa ca ici, kuyambira kale anthu a Likoma amaoloka kubwera kuno kudzafuna nkhuni, nsungwi, udzu ndi cakudya, ndipo amabweretsa usipa ndi zinthu za m'sitolo. Nyanja sinawalekanitse anthu amenewa. Inali njira yao.

Zaka za m'ma 1800 zinali zowawa m'mbali mwa nyanja. Angoni ankatsika kucokera ku mapiri a kumpoto kudzalanda zakudya ndi anthu. Amalonda a akapolo ankaolotsa anthu m'ngalawa kucokera ku Nkhotakota, kuwatsitsa ku gombe lino, ndi kuwayendetsa pansi mpaka ku Kilwa. Makolo athu ena anamanga midzi m'malinga, ena m'madambo a bango, ndipo ena anathawira pa zilumba. Pa cilumba mdani samafika msanga, cifukwa bwato limaoneka likali patali.

Azungu a mpingo wa Anglican anaona ubwino womwewo. Bungwe lao linkachedwa UMCA. Linayamba David Livingstone atalankhula ku Cambridge mu 1857 za malonda a akapolo. Mmodzi wa iwo, William Percival Johnson, anafika ku Mwembe kwa Mfumu Mataka mu 1880, koma caka cotsatira anathamangitsidwa. Mu 1882 anatsikira ku nyanja pamodzi ndi mnzace Charles Janson. Janson anadwala namwalira caka comweco pa gombe lathu lino. Johnson anatsala, nakhala kwa Mfumu Citeji pafupi ndi Kobwe. Mu 1885 amishoni anakhazikitsa malo ao pa Likoma, ndipo pambuyo pace amene anatsogolera nchito pa cilumbapo anali Chauncy Maples. Anabweretsa sitima yaing'ono ya moto imene anaicha dzina la malemu uja, Charles Janson. Sitima imeneyi inkayenda mudzi ndi mudzi, kusiya aphunzitsi ndi mabuku ku Kobwe, ku Msumba ndi kwina.

Tsono mverani za malire. Nthawi imeneyo maiko a ku Ulaya ankagawana Africa monga anthu agawana nyama imene sanaphe okha. Pa 11 Junho 1891 Angerezi ndi Apwitikizi anasaina pangano. Gombe la kum'mawa kwa nyanja, kumene tikhala ife, linapita kwa Apwitikizi. Koma amishoni a Cingerezi anali kale pa Likoma ndi sukulu zao, ndipo boma la kwao silinafune kuwasiya m'manja mwa Apwitikizi. Conco panganolo linachula Likoma ndi Cizumulu kuti zikhale za Angerezi. Palibe mfumu ya Anyanja imene inafunsidwa. Mu 1954 maboma awiriwo anagwirizananso kuti malire adutse pakati pa nyanja, koma zilumbazo anazisiya monga zinaliri. Malawi analandira ufulu pa 6 Julho 1964, ndipo ife tinalandira wathu pa 25 Junho 1975. Maiko a Africa anali atagwirizana kale ku Cairo mu 1964 kuti malire akale asasinthidwe, poopa nkhondo pakati pa abale. Ndi cifukwa cace munthu wa ku Kobwe adinditsa pasipoti pokaona mlongo wace amene nyumba yace amaiona ndi maso.

Wofika ku Likoma amatsikira pa doko la Mbamba. Kucokera pamenepo ayende pang'ono kupita ku Cipyela. Akuluakulu amati dzina limeneli linabwera cifukwa kale pamalopo ankaocha anthu oganiziridwa ufiti. Pamalo omwewo lero pali chalichi cacikulu ca Petro Woyera. Bishopu Gerard Trower anaika mwala woyamba mu Janeiro 1903. Anayamba kupempheramo mu 1905, ndipo anacipatula kotheratu mu 1911. Amene anajambula mapulani anali Frank George. Utali wace ndi mamita pafupifupi 100. Taganizani, abambo, kumanga nyumba yotere pa cilumba popanda galimoto ngakhale imodzi. Miyala inaswedwa ndi manja. Amayi anasenza pamutu. Amisiri a njerwa ndi a matabwa anali anthu a m'mbali mwa nyanja yino amene anaphunzira nchito pomwepo. Mabuku amasunga maina a mabishopu, koma maina a osenza miyala sawachula kawirikawiri. Mukalowamo muwakumbuke, cifukwa mwina agogo anu anali pakati pao.

M'kati muli zoti muone pang'onopang'ono. Muli mazenera a magalasi amitundumitundu, ndi mipando yosemedwa pa mwala wofewa. Muli mtanda waung'ono wopangidwa ndi mtengo umene pansi pace anakwirira mtima wa Livingstone kwa Citambo, ku Zambia, mu 1873. Mukakhalapo tsiku la Mulungu mudzamva nyimbo za Cinyanja zikumveka m'nyumba yonse. Ngakhale muli Msilamu kapena wa mpingo wina, palibe wokuletsani kuona. Ingovalani mwaulemu ndi kupempha cilolezo kwa oyang'anira.

Maples sanacione chalichi cimeneci. Anadzozedwa kukhala bishopu ku London mu 1895, ndipo pobwerera caka comweco boti lace linamira ndi namondwe pa nyanja yathu. Manda ace ali ku Nkhotakota. Anzace anapanga sitima yaikulu ku Glasgow, anainyamula m'zidutswa, naimanga pa nyanja, ndipo inayamba kuyenda mu 1901 ndi dzina lace. Asodzi amadziwa kuti mwera suona nkhope. Inunso pooloka funsani eni ngalawa, makamaka m'miyezi yozizira pamene mphepo imeneyi imaomba kwambiri. Akati lero sitioloka, musawakakamize.

Kwa ife amene tikuphunzira kuwerenga, Likoma ali ndi mbiri ina. Pa cilumbapo panali makina osindikizira mabuku a Cinyanja. Johnson anadwala maso kwambiri kotero kuti ankaona pang'ono ndi diso limodzi, koma sanaleke kumasulira. Pothandizana ndi aphunzitsi a Cinyanja, Baibulo lonse m'Cinyanja ca kuno ku nyanja linatuluka mu 1912. Aphunzitsi ambiri anali Aafrika. Augustine Ambali, amene anagwidwa ukapolo ali mwana naomboledwa, anaphunzitsa zaka zambiri ku Msumba. Yohanna Abdallah anakhala wansembe ku Unangu, nalemba buku la mbiri ya Ayao m'Ciyao limene linasindikizidwa mu 1919. Ku Kobwe kunali sukulu ya aphunzitsi ya Mikaeli Woyera isanasamukire ku Likoma. Conco Likoma anachuka kuti ndi malo amene amuna ndi akazi ambiri amadziwa kulemba. Ana ace anapita kukagwira ukalaliki ndi uphunzitsi kutali, mpaka ku Rhodesia ndi ku Johannesburg. Kuno ku gombe lathu boma la Apwitikizi silinkakondwa ndi sukulu zophunzitsa m'cinenero ca anthu, ndipo linkafuna Cipwitikizi cokha. Ine ndimaona kuti pamenepa ndi pamene mbali ziwiri za madzi zinayamba kusiyana.

Nkhondo itafika, cilumba cinakhalanso pothawira. Mu Setembro 1964 ankhondo a Frelimo anaukira posto ya Cobué. Asilikali a Cipwitikizi atayamba kuocha midzi ya m'mbali mwa nyanja, mabanja ambiri anaoloka usiku m'mabwato kupita ku Likoma. Pa nkhondo inatha mu 1992 zinacitikanso. Anthu a pa cilumba, amene munda wao ndi wocepa, anagawana nao cinangwa ndi malo ogona. Ena mwa inu munabadwira komweko. Nkhani imeneyi muidziwa kuposa ine.

Likoma amayendeka ndi miyendo. Munthu wamphamvu angacoke ku Makulawe kumpoto m'mawa nafika ku Nkhwazi kumwera dzuwa lisanalowe, akupuma m'mithunzi ya milambe. Madzi ndi oyera, ndipo pakati pa miyala mumaoneka mbuna, tinsomba tobiriwira ndi tacikasu timene alendo a kutali amalipira ndalama kuti ationere. Ife timangotidutsa. Usiku nyali za asodzi a usipa zimadzaza nyanja. Nthawi zina mudzaona ngati utsi ukukwera pa madzi. Si moto ai, ndi nkhungu. Mukapeza tsiku la gule, amuna amavina malipenga atavala zoyera, akuomba zikho, ndipo amayi amavina cioda monga kwathu. Magulu a gule a mbali ziwirizi akhala akuitanizana kuyambira kale.

Wofuna kufika ku Cizumulu akwere boti lina kucokera ku Likoma. Kumeneko nkwa phee, ndipo minda ya cinangwa inakwera m'phiri m'mizere ya miyala. Sitima ya Ilala, imene inayamba kuyenda pa nyanja mu 1951, yakhala ikulumikiza zilumbazi ndi Nkhata Bay ndi Monkey Bay. Koma kwa ife a ku Lichinga njira ndi ya pa mtunda: kutsika phiri kudzera ku Maniamba mpaka ku Metangula, kenaka kulowera kumpoto mpaka ku Kobwe. Msewu wa ku Kobwe umavuta m'dzinja, conco nkwabwino kupita m'cilimwe. Tengani pasipoti, sinthani ndalama pang'ono, ndipo musaiwale kamphatso ka abale, ngakhale nyemba za kuno ku mapiri.