Nkhungu ya ku Salamanca ndi manda a ku Old Drift

M'miyezi ya Marichi ndi Epulo, Zambezi akadzaza, utsi wa mathithi a Mosi-oa-Tunya umaoneka munthu ali m'tauni ya Livingstone, pamtunda wa makilomita pafupifupi 10. Alendo onse amathamangira kumeneko. Ndi ochepa amene amakhotera kumtunda kwa mtsinje, m'kati mwa malo osungira nyama zakutchire, kumene kuli manda a Old Drift.

Mudzi wa Old Drift unayamba cha m'ma 1898 padooko pomwe amalonda ankawolotsera katundu wopita kumpoto kwa Zambezi. Mmodzi mwa azungu oyamba kukhazikikapo anali F.J. Clarke, amene anthu ankamutcha Mopane. Malowo anali achinyontho, udzudzu wosaneneka, ndipo malungo, makamaka aja okodzetsa mkodzo wakuda, ankatenga anthu motsatizana. Mlatho wa njanji utatha m'chaka cha 1905, kampani ya British South Africa inasamutsira anthu pamtunda wamchenga pomwe pali tauni lero. Mudzi unafa, manda n'kutsala. Ziliza zina zili ndi mayina, zina zilibe, ndipo opalasa ngalawa ndi amtengatenga a padooko paja sanalembedwe n'komwe.

Ndikaganiza za mandawa ndimakumbukira mphunzitsi wina wa ku Spain amene sanapondepo ku Livingstone, koma amene pa zaka zomwezo anali kusowa tulo ndi funso loti munthu akaikidwa m'manda chimatsala n'chiyani. Dzina lake Miguel de Unamuno.

Anabadwira ku Bilbao pa 29 Seputembala 1864. Ali ndi zaka 9 anaona mzinda wake utazingidwa ndi asilikali pankhondo yapachiweniweni mu 1874, ndipo zimenezo zinadzakhala maziko a buku lake loyamba la nthano, Paz en la guerra, la mu 1897. Anaphunzira ku Madrid, kenako mu 1891 anayamba kuphunzitsa Chigiriki payunivesite ya Salamanca, chaka chomwe anakwatira Concha Lizárraga. Anali ataleka kale chikhulupiriro cha Chikatolika cha ubwana wake, akudalira sayansi ndi ndale zokomera antchito. Chinamugwedeza ndi matenda a m'nyumba. Mwana wake Raimundo, wobadwa mu 1896, anadwala ali khanda, mutu n'kudzaza madzi, ndipo sanachire mpaka kumwalira mu 1902. Usiku wina mu Marichi 1897 Unamuno anadzidzimuka kutulo mtima ukugunda, misozi ili chuchuchu, atagwidwa ndi mantha oti tsiku lina sadzakhalakonso. Mkazi wake ndiye anamutonthoza ngati mwana.

Zonse zimene analemba pambuyo pake zinatuluka muusiku umenewo. Buku lake lalikulu la maganizo, Del sentimiento trágico de la vida, linatuluka mu 1913, ndipo mutu wake ukunena za kuona moyo ngati tsoka losathawika. Mfundo yake siyovuta kuimva. Mutu umamuuza munthu kuti palibe umboni woti adzakhalapobe akafa. Mtima umakana, ukufuna kuti iyeyo, ndi dzina lake ndi zokumbukira zake, asathe. Anzeru ambiri ankayesa kuyanjanitsa ziwirizi kapena kutontholetsa chimodzi. Unamuno anati zisiyeni zimenyane, chifukwa m'nkhondo imeneyo ndi mmene munthu amakhalira wamoyo. Kwa iye chikhulupiriro chosakayikapo chinali chakufa. Sankafunanso kumva za "munthu" wa m'mabuku a anzeru, wopanda kwawo ndi wopanda mimba. Ankafuna uja amadwala dzino, amakongola ndalama, amaika maliro a mwana wake. Pamfundo imeneyi ankamuona Søren Kierkegaard wa ku Denmark ngati mbale wake, ndipo ankamuwerenga m'chinenero chake chomwe, pa nthawi imene ambiri ku Ulaya anali asanamumve. Mabuku a Sartre ndi Camus, olimbana ndi mafunso omwewa, anabwera patapita zaka zoposa 20.

M'buku lomwelo analongosola kuti munthu akayamba kukayika za moyo wa mzimu, amafuna kuti dzina lokha litsale, ndipo anakumbutsa za Herostratus, amene anatentha kachisi wa ku Efeso kuti anthu azimutchulabe. Apa Livingstone ili ndi umboni wake. Pamene David Livingstone anafika pamathithi mu Novembala 1855, anatema zilembo za dzina lake ndi chakacho pamtengo wa pachilumba cha m'mphepete mwa phompho, ndipo iye mwini anavomera kuti kunali kudzionetsera. Mtumiki wa Mulungu, wolalikira za kumwamba, anafunabe kasiginecha pakhungwa la mtengo! Lero dzinalo lili patauni yonse, pachilumba chija, ndi panyumba yosungiramo zakale imene inayamba mu 1934, momwe muli makalata ake. Ifenso tisamuseke kwambiri. Timatcha mwana dzina la agogo ake, ndipo timasonkherana ndalama za chiliza ngakhale nkhokwe ili pululu.

Koma Unamuno ankadziwa kuti mfundo zouma sizilira, n'chifukwa chake anaziika m'nthano. Yotchuka kwambiri ndi Niebla, kutanthauza nkhungu, ya mu 1914. Ofufuza zolembalemba ankati mabuku ake si manovelo enieni, ndiye iye anangopeka dzina lake, n'kulitcha bukuli nivola. Ndi nkhani ya Augusto Pérez, mnyamata wolemera koma wosadziwa chimene akukhalira moyo, amene akutsatira mphunzitsi wa piyano, Eugenia, mpaka mkaziyo kumuthawa ndi chibwenzi chake ukwati utayandikira. Augusto akuganiza zodzipha, koma akuyamba wakwera sitima kupita ku Salamanca kukaonana ndi wolemba wina amene anawerengapo zolemba zake. Wolembayo ndi Unamuno yemwe. Akumuuza mnyamatayo kuti sangadziphe popeza sali moyo, ndi munthu wongopeka. Augusto akuyamba watsutsa, kenako akuchonderera kuti asaphedwe, ndipo atakanidwa akumukumbutsa mlengi wakeyo kuti nayenso, pamodzi ndi owerenga onse, adzafa tsiku limene Mulungu adzaleke kuwalota. Mawu omulira kumapeto kwa buku akunena ndi galu wake, Orfeo.

Zina ndizidutsa mwachangu. Abel Sánchez ya 1917 ndi nkhani ya Kaini ndi Abele itavala zovala za masiku ano, dokotala amene nsanje ikumudya moyo wake wonse. La tía Tula ya 1921 ndi ya mayi wolera ana a mchemwali wake, wofuna umayi koma wokana banja.

Pakamwa pake panalibe chitseko, ndipo maboma sanamukonde. Anakhala mkulu wa yunivesite kuyambira 1900, n'kuchotsedwa mu 1914. Mu Febuluwale 1924 wolamulira wankhanza Primo de Rivera anamupitikitsira kuchilumba cha Fuerteventura, chomwe chili kufupi ndi gombe la Africa kuposa la Spain. Atachoka kumeneko anakhala ku Paris, kenako ku Hendaye, pamalire, akuyang'ana mapiri akwawo, mpaka ulamuliro uja utagwa mu 1930.

Atabwerera analemba kabuku kamene ine ndimakaika pamwamba pa onse, San Manuel Bueno, mártir, kotuluka mu 1931. Ndi nkhani ya wansembe wa kumudzi wa m'mbali mwa nyanja, amene amayanjanitsa mabanja, amathandiza pokolola, amakhala pambali pa odwala mpaka atatsirizika, ndipo mudzi wonse umamuyesa woyera. Chinsinsi chake n'chakuti sakhulupirira za kuuka kwa akufa. Mpingo ukamanena chikhulupiriro cha atumwi n'kufika pachigawo chimenecho, iye amangoti zii, mawu a anthu ake n'kumamunyamula. Sawauza zoona chifukwa akuopa kuwalanda chimene chimawalimbitsa. Kodi ndi wabodza kapena wachikondi? Unamuno sayankha, ndipo ndikuganiza kuti anachita bwino. Aliyense amene anaimapo pamaliro n'kuuza namfedwa kuti tidzaonananso, mtima wake ukunjenjemera, wansembeyu amamudziwa. Mpingo wa Katolika sunasangalale ndi maganizo otere, ndipo mu 1957 unaika mabuku ake awiri pamndandanda wa oletsedwa.

Mathero ake anali owawa. Nkhondo yapachiweniweni itabuka mu Julayi 1936, poyamba anagwirizana ndi asilikali oukira boma, poganiza kuti abweretsa bata. Cholakwa chimenechi sitingamubisire. Ataona anzake akuphedwa, pa 12 Okutobala anaimirira pamwambo wa payunivesite n'kudzudzula oukirawo pamaso pa mkulu wa asilikali Millán-Astray. Franco, mtsogoleri wa oukirawo, anamuchotsa paudindo wa mkulu wa yunivesite umene anali atabwezeredwa, ndipo anakhala chotsekeredwa m'nyumba mwake. Pa 31 Disembala 1936 anamwalira ali pampando, akucheza ndi mlendo, amene anazindikira kuti zavuta atamva fungo la nsapato ya m'nyumba ikupsa pambaula ya pansi patebulo.

Unamuno ankakonda kunena kuti Don Quixote ndi weniweni kuposa Cervantes amene anamulemba, popeza wopekedwayo akuyendabe m'mitu ya anthu. Chaka chomwe iye anamwalira, wojambula zithunzi wina wochokera ku Cambridge, Percy M. Clark, amene anafika kumathithi mu 1903 n'kukhalako ku Old Drift, anatulutsa buku la mbiri ya moyo wake, The Autobiography of an Old Drifter. Mosafanana ndi anzake ogona m'manda aja, iye anafuna kudzilembera yekha chiliza. Koma ambiri amene akumudziwa lero anakumana naye m'buku la munthu wina. Mu 2019 Namwali Serpell, wobadwira ku Lusaka mu 1980, anatulutsa novelo ya The Old Drift, imene inapata mphoto ya Arthur C. Clarke mu 2020, ndipo anayamba nkhani yake ndi Clark yemweyo, tsankho lake lonse lili poyera. Augusto Pérez anapeza mpata wokakangana ndi wolemba wake, Clark sanaupeze. Ndipo amene Serpell anawapatsa ntchito yoyankhulira pakati pa zigawo za bukulo, akuseka zochita za anthu kwa zaka zoposa 100, ndi gulu la udzudzu.