Botolo pa Manda a Mwana

Mu August 1973 magazini ya ku Britain yochedwa New Internationalist inaika pa cikuto cithunzi ca kuno ku Zambia: manda a khanda, pamwamba pake botolo loyamwitsila ndi citini ca mkaka wa ufa. Ine ndikaciganizila cithunzici ndimaona mayi amene anagulila mwana wake cinthu codula cimene anauzidwa kuti n'cabwino. Kuti timvetse mmene citinico cinafikila pa manda, tibwelele m'mbuyo zaka zoposa 100.

Mu 1865 Justus von Liebig, katswili wa sayansi wa ku Germany, anasakaniza mkaka wa ng'ombe, ufa wa tiligu, cimela ndi mcele wa potassium bicarbonate, n'kunena kuti zingalowe m'malo mwa bele. Patapita zaka ziwili, Henri Nestlé anayamba kugulitsa phala lake la makanda ku Vevey, m'dziko la Switzerland. Sindiwaimba mlandu anthuwa. Masiku amenewo khanda lotaya mayi kawilikawili linali kumutsatila kumanda.

Vuto linali lakuti sayansi yawo inali kuona zocepa. Pa magalamu 100 a mkaka wa mayi, pafupifupi 87 ndi madzi, 7 ndi shuga wa lactose, 4 ndi mafuta, ndipo mapuloteni angopitilila pang'ono galamu imodzi. Mkaka wa ng'ombe uli ndi mapuloteni oculuka katatu, cifukwa thole lifunika kukula msanga. Manambala otele fakitale ingawakonze. Koma mkaka woyamba uja wacikasu, umene m'madela ambili anali kuufinyila pansi poganiza kuti ndi wauve, wadzaza ndi citetezo cochedwa IgA, cimene cimamata matumbo a mwana kuti tizilombo tisalowe. Mulinso mitundu ina ya shuga imene khanda silingagaye n'komwe. Nanga ya ndani? Mu 1899 Henri Tissier, ku Paris, anapeza mabakitiliya abwino ochedwa bifido m'cimbudzi ca makanda oyamwa, ndipo pambuyo pake zinadziwika kuti shuga uja ndi cakudya cawo. Mayi amadyetsa mwana pamodzi ndi alonda a m'mimba mwake.

Dokotala Cicely Williams anaona ngoziyo msanga. Mu 1939 ku Singapore anakamba nkhani yamutu wakuti Milk and Murder, kudzudzula otsatsa mkaka wa m'zitini kwa amayi osauka. Malonda sanaleke. M'maiko ambili makampani anali kutuma atsikana ovala ngati manesi kukapeleka zitini zaulele m'zipatala. Mwana akazolowela botolo, bele limaphwa, cifukwa mkaka umabwela malinga ndi mmene mwana ayamwila. Citini caulele cikatha, cotsatila n'cogula. Inu a mu komboni mudziwa zimene zimacitika ndalama zikacepa: sipuni ya ufa imacepa, madzi amaculuka, madziwo ndi a pa citsime, ndipo malasha owilitsila botolo palibe. Mwana amatsegula m'mimba, n'kuwonda.

Mu 1974 bungwe la War on Want linatulutsa kabuku ka Mike Muller, The Baby Killer. Gulu lina ku Switzerland linakamasulila m'Cijelemani ndi mutu wonena kuti Nestlé imapha makanda. Kampaniyo inapita kukhoti ku Bern ndipo mu 1976 inapambana, koma woweluza anaiuza kuti isinthe kutsatsa kwake. Mu 1977 anthu ku America anayamba kunyanyala katundu wa Nestlé. Mu 1981 msonkhano wa World Health Organization unavomeleza malamulo a kagulitsidwe ka mkakawu: maiko 118 anavomela, America yekha ndiye anakana.

HIV itabwela, funso linabwelanso, cifukwa kacilombo kangadutse mu mkaka. Cimene cimandikhudza n'cakuti mbali ya yankho inacokela mu Lusaka muno. Kafukufuku wa m'makiliniki athu, wofalitsidwa mu 2008, anapeza kuti kuletsa mwana kuyamwa mwadzidzidzi pa miyezi 4 sikunawonjezele ana okhala moyo opanda kacilombo. Lelo mayi amene ali ndi HIV amalangizidwa kumwa ma ARV uku akuyamwitsa.

Shuga uja wa mabakitiliya, makampani ayamba kumuika m'zitini zaka zaposacedwapa, mitundu yowelengeka cabe. Mu mkaka wa anthu asayansi apezamo mitundu yoposa 100.