Zomangamanga Zikuluzikulu m'Maboma a Dowa ndi Ntchisi

Zomangamanga zikuluzikulu za m'maboma a Dowa ndi Ntchisi, omwe ali m'chigawo chapakati cha Malawi, zinakhazikika kwambiri kuchidikha cha kumadzulo kumene kumadutsa msewu wa M1, pamene madera a kumapiri a kum'mawa, otsetserekera kunyanja, akhala akudikira nthawi yaitali kuti chitukuko chotere chiwafike.

Chachikulu pa zonse ndi bwalo la ndege la Kamuzu, lomwe lili ku Lumbadzi, m'malire a Dowa ndi Lilongwe. Bwaloli linatsegulidwa mu 1983, patapita zaka zochepa likulu la dziko litasamuka ku Zomba kupita ku Lilongwe mu 1975, ndipo linalanda udindo wa bwalo la Chileka monga khomo lalikulu lolowera m'dziko. Msewu wake wothamangapo ndege ponyamuka ndi potera ndi wotalika mamita oposa 3,500, kutalika kofunika chifukwa pamalo okwera chotere mpweya umakhala wopepuka, motero ndege yolemera imasowa mtunda wautali isanadzuke. Boma la Japan, kudzera m'bungwe la JICA, linathandiza kukulitsa nyumba zolandiriramo apaulendo ndi kuika makina a radar, omwe amaonetsa pamene ndege ili mumlengalenga, ndipo ntchitoyi inatha mu 2019. Tauni ya Lumbadzi nayo inakula chifukwa cha nyumba zomwe zinamangidwira ogwira ntchito pabwaloli.

Kuchokera pamphambano ya kubwalo la ndege, msewu wa M1 umadutsa pa Mponela ndi pa Madisi polowera ku Kasungu. Mu 2022 boma linakhazikitsa ntchito youkonzanso ndi kuukulitsa, ndi ngongole yochokera ku European Investment Bank pamodzi ndi thandizo la European Union, popeza phula linali litadyeka m'mbali kotero kuti malole, njinga za kabaza ndi ngolo zinkalimbirana kanjira kamodzi.

Kumapiri nkhani ndi ina. Kumanga msewu kumeneko kumafuna kusema zitunda, kukwirira makwawa ndi kuika milatho ndi ngalande zambiri, apo ayi madzi a m'dzinja amakokolola zonse, ndipo n'chifukwa chake mtengo wa kilomita imodzi umakwera. Msewu wa Lumbadzi, Dowa mpaka Chezi, umene umalumikiza M1 ndi msewu wa ku Salima, unatenga zaka zambiri usanathe, ndipo wochokera ku Dzaleka kudzera ku Ntchisi mpaka kwa Malomo wakhala ukumangidwa chigawochigawo. Kuchedwa kumeneku n'kopweteka, pakuti mlimi wa mtedza, soya kapena fodya amene lole singafike kumudzi kwake amakakamizika kugulitsa kwa mavenda pamtengo wolira.

Dzaleka, komwe msewu wachiwiriwu umayambira, ndi chitsanzo cha malo amene anakula mopitirira mapulani. Kale inali ndende ya andale, koma mu 1994 inasandutsidwa msasa wa anthu othawa kwawo, makamaka ochokera ku Congo, Burundi ndi Rwanda. Malo omwe anakonzedwera anthu pafupifupi 12,000 tsopano akusunga oposa 50,000, m'nyumba za zidina zothithikana, zosiyanitsidwa ndi tinjira tongokwana munthu wosenza chigubu cha madzi.

Zipangizo zomangira nazo zasintha. Malamulo a mu 2018 analetsa njerwa zootcha ndi nkhuni pa zomanga za boma ndi zina zikuluzikulu, ndipo m'malo mwake makontirakitala amagwiritsa ntchito mabuloko a simenti. Malamulowa ndi ofunika kwambiri m'maboma awiriwa, mmene mauvuni a njerwa ndi zigafa za fodya zinatha mitengo m'mapiri ambiri, ndipo nkhalango yotetezedwa ya Ntchisi ndi imodzi mwa zochepa zachilengedwe zimene zatsala m'derali.