Mbiri ya Chithandizo cha Malungo kwa Amayi Oyembekezera m'Malawi

Kale mayi akangoima ankasamalidwa ndi azamba komanso amayi achikulire a m'mudzi. Akamva nseru, akamasanza kapena thupi likatentha, ankamupatsa mankhwala azitsamba ndi kumulangiza zakudya zoyenera kusala. Zipatala za mishoni ndi za boma zitafalikira, udindowu unayamba kupita kusikelo. Matenda amene ankadetsa nkhawa kwambiri anali malungo, chifukwa amachepetsa magazi m'thupi ndipo mayi amatha kupita padera.

M'zaka za m'ma 1980 amayi apakati ankamwa chloroquine sabata iliyonse, koma kafukufuku amene anachitika ku Mangochi anaonetsa kuti mankhwalawa anali atachepa mphamvu. Mu 1993 dziko la Malawi linayamba kugwiritsa ntchito SP, imene ambiri amati Fansidar, pochiza ndi popewa malungo. Koma SP saipereka m'miyezi itatu yoyambirira, choncho mayi wodwala panthawiyi ankamwa kwinini, ngakhale mankhwala atsopano a malungo a LA atabwera mu 2007. Mu 2022 bungwe la WHO linavomereza kuti LA iziperekedwanso m'miyezi imeneyi. Kupewa malungo pakati pasanakule kumadalirabe kugona m'neti ndi kuyamba sikelo msanga.