Likodzo pakati pa ana asukulu: zomwe makolo a m'mbali mwa nyanja tiyenera kudziwa

M'maboma a Mangochi, Salima ndi Nkhotakota ambirife tinakula tikuona anyamata akukodza magazi, mpaka ena amati ndi chizindikiro cha kukula. Awa ndi matenda a likodzo, ndipo ali ndi mankhwala.

Likodzo ndi chiyani?

Limayamba ndi tinyongolotsi totchedwa Schistosoma haematobium, tomwe dokotala wa ku Germany, Theodor Bilharz, anatizindikira ku Egypt mu 1851. Timakhala m'mitsempha ya magazi yozungulira chikhodzodzo kwa zaka zingapo n'kumaikira mazira. Mazirawo akamaboola chikhodzodzo, magazi amatuluka, makamaka kumapeto kwa kukodza.

Limafala bwanji?

Wodwala akakodzera m'nyanja, mumtsinje kapena m'dambo, mazira amaswa ndipo tizilombo timalowa m'nkhono za mtundu wa Bulinus. Timachulukana m'menemo kwa milungu ingapo, kenako timatuluka n'kumasambira m'madzi, makamaka masana dzuwa likatentha. Timalowa m'thupi kudzera pakhungu, ngakhale popanda bala. Magazi mumkodzo amayamba kuoneka patapita pafupifupi miyezi itatu.

N'chifukwa chiyani ana ndiwo amadwala kwambiri?

Ana ndi amene amakhalitsa m'madzi. Akaweruka kusukulu kapena ku madrasa amathamangira kukasambira. Anyamata amathandiza kukoka khoka, atsikana amatsuka mbale ndi kuchapa padooko, ena amagwira ntchito m'minda ya mpunga. Chiopsezo chimakula nyumba ikakhala pafupi ndi madzi, mjigo ukatalika, komanso kusukulu kukasowa zimbudzi. Nkhono zimakonda madzi odekha a bango ndi udzu, koma mtundu wina, Bulinus nyassanus, umakhala pamchenga, moti gombe looneka loyera silitanthauza kuti ndi lotetezeka. Ku Cape Maclear akatswiri anaona kuti nkhonozi zinachuluka nsomba zozidya zitachepa chifukwa cha usodzi wopyola muyeso.

Kuopsa kwake

Mwana wa likodzo amachepa magazi, amatopa msanga, amapinimbira ndipo sakhoza bwino m'kalasi. Likakhalitsa limawononga chikhodzodzo ndi impso, ndipo lingayambitse khansa ya chikhodzodzo. Kwa atsikana mazira amafika ku ziwalo zoberekera, n'kubweretsa zilonda ndi mavuto a kubereka mtsogolo. Ana ena amakhala nalo magazi osaoneka ndi maso, ndipo atsikana ambiri amabisa chifukwa cha manyazi.

Chithandizo

Mankhwala ake ndi praziquantel. Unduna wa Zaumoyo umawagawa ulere m'sukulu, ndipo kuchuluka kwa mapiritsi kumatengera msinkhu wa mwana. Amafunika kumwa munthu atadya, choncho tsiku logawa tisalole mwana apite ndi njala. Likagwa m'mwezi wa Ramadan, tikambirane ndi alangizi a zaumoyo za nthawi yabwino yomwera kwa ana amene akusala. Chizungulire kapena kupweteka m'mimba kumatha posachedwa. Mankhwalawa amapha nyongolotsi zomwe zili m'thupi, koma sateteza mwana akabwereranso m'madzi omwewo. N'chifukwa chake amaperekedwa mobwerezabwereza.

Zomwe tingachite pakhomo ndi pamzikiti

Chisilamu chimatiletsa kukodzera m'madzi odekha, ndipo kutsatira lamuloli kumadula njira yomwe likodzo limafalira. Tiphunzitse ana kugwiritsa ntchito chimbudzi asanapite kunyanja. Popanga wudhu ndi posamba tigwiritse ntchito madzi a pamjigo kapena pampopi. Ngati tatunga a m'nyanja, tiwasunge m'ndowa masiku awiri kapena tiwatenthetse kaye, chifukwa tizilomboti sitikhalitsa tikasowa thupi lolowamo. Makomiti a mizikiti ndi madrasa aonetsetse kuti pali zimbudzi ndi madzi abwino.

Amayi ndi abambo, tizifunsa ana athu mofatsa za mkodzo wawo. Tikaona magazi, kapena mwana akamadandaula ululu pokodza, tipite naye kuchipatala akayezedwe osadikira tsiku la mankhwala kusukulu.