Zimene Selo la Yisiti Limachita DNA Yake Ikawonongeka

Yisiti wofufumitsira buledi ndi kufululira mowa, amene asayansi amamutcha Saccharomyces cerevisiae, ndi kamoyo ka selo limodzi kokhala ndi majini pafupifupi 6,000. DNA yake imatha kuduka kapena kusokonekera ikawombedwa ndi X-ray, kuwala kwa UV, kapena ikakhudzidwa ndi mankhwala monga MMS. Zikatero selo limayamba laimitsa kaye ntchito yogawikana.

Mu 1988, Ted Weinert ndi Leland Hartwell a ku University of Washington ku Seattle anasonyeza kuti kuimaku kumalamulidwa ndi jini. Maselo abwinobwino akawombedwa ndi X-ray ankadikira mpaka DNA itakonzedwa. Maselo opanda jini ya RAD9 ankangopitiriza kugawikana ali ndi DNA yodukayo, ndipo ankafa atagawikana kangapo chabe. Ochita kafukufukuwa atawachedwetsa dala ndi mankhwala, ambiri anapulumuka. Luso lokonza anali nalo. Chimene ankasowa ndi nthawi. Njira yoimitsa seloyi imatchedwa checkpoint, ndipo Hartwell analandira mphoto ya Nobel mu 2001.

Uthenga umayenda motere. Puloteni ya Mec1 imazindikira malo owonongeka n'kudzutsa Rad53 mothandizidwa ndi Rad9, ndipo Rad53 amadzutsa Dun1. Pamenepo Crt1, puloteni imene imatsekereza majini a RNR, imachoka pa DNA, majiniwo n'kuyamba kugwira ntchito mwamphamvu. Majini a RNR amapanga enzayimu yopanga tizidutswa tomangira DNA. Monga mmisiri amaunjika njerwa asanayambe kukonza khoma logumuka, selo limachulukitsa tizidutswati kangapo. Mbali yaikulu ya njirayi anaifukula ndi Stephen Elledge ndi anzake.

Chochititsa chidwi kwambiri chinaoneka asayansi atayamba kuyeza majini onse nthawi imodzi. Mu 1999, Scott Jelinsky ndi Leona Samson anapeza kuti MMS imasintha kagwiridwe ka ntchito ka majini mazanamazana, koma okonza DNA ndi ochepa mwa iwo. Ambiri amadzukanso selo likavutika ndi kutentha, njala kapena mchere wochuluka. Mapuloteni ambiri okonza amakhala alipo kale, akungodikira kuitanidwa, choncho kudzuka kwa jini si umboni wakuti jiniyo ndiyo imapulumutsa selo.

Anthufe tili ndi mapuloteni ofanana ndi amenewa. ATR amafanana ndi Mec1, CHK2 amafanana ndi Rad53, ndipo ATM amafanana ndi puloteni ina ya yisiti yotchedwa Tel1. Jini ya ATM ikawonongeka imayambitsa matenda a ataxia-telangiectasia, amene odwala ake amakhala pachiopsezo chachikulu cha khansa.